Mutu 14: Laputopu Yadzuka, Sikirini Yakana

Mwatsegula chivindikiro cha laputopu imene munaisiya ili bwinobwino ola lapitalo. Kagetsi kam'mbali kayaka, fani ikumveka kulira, koma sikirini ili bii. Tsiku lina chithunzi chimabwera ndithu, koma chili mizeremizere, kapena chikuphethiraphethira, kapena zilembo zafufuma mitundu n'kusokonekera. Mukadina batani loyatsira kwa nthawi yaitali kuti makina azime, n'kuyatsanso, zonse zili myaa. Mawa lake zomwezo.

Munthu akaona zotere mtima umathamangira ku sikirini. Amanyamula laputopu ija kupita nayo kwa wokonza, ndipo kumeneko amamva chimodzi mwa ziwiri: "Achimwene, apa sikirini yapita," kapena "Tingoifomata basi." Zonse ziwirizi ndi ndalama, ndipo kawirikawiri palibe chimene chimachiza matendawo. Galasi lowonongeka silichira chifukwa choti mwazimitsa makina n'kuyatsanso. Ngati vuto limabwera pokhapokha kompyuta ikadzuka ku tulo, n'kutha mukaiyambitsanso, woyamba kumukayikira ndi dalaivala wa zithunzi, kapulogalamu kamene kamalumikiza Windows ndi GPU, kachipangizo kojambula zonse zimene maso anu amaona pa sikirini.

Vutoli limapezeka kulikonse kumene kuli makompyuta, koma kuli malo ena kumene zoliyambitsa zimakumana pamodzi. Ivory Park ndi amodzi mwa malo otero. Derali lili kumpoto chakum'mawa kwa Johannesburg, ku Midrand, ndipo lachita malire ndi Tembisa. Linayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo pa kalembera wa 2011 munali anthu opitirira 180,000. Pakati pawo pali abale athu a ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe amene amachita lendi tizipinda takuseri kwa nyumba za eni dera. Makilomita owerengeka kuchokera pamenepo, m'mbali mwa msewu wa N1, kuli malikulu a Vodacom ndi a Mustek, kampani ya makompyuta a Mecer. Zatsopano zili pafupi, koma thumba la munthu wa maganyu limafikira zogula kwa wina: ma Dell Latitude, ma HP ProBook ndi ma Lenovo ThinkPad amene anatha kale zaka zingapo m'maofesi. Ndiwo amene akulemberapo anthu makalata ofunsira ntchito, kuchitirapo maphunziro a Unisa, ndi kuonetsera mpira pa TV Loweruka madzulo. Makina okalamba, batire lotha mphamvu, ndiye kuonjezapo magetsi. Eskom inayamba kuzimitsa magetsi mosinthanasinthana mu 2007, ndipo mu 2023 kuzimitsako kunachitika masiku opitirira 300. Kunachepa kuyambira mu Malichi 2024, koma madera ngati Ivory Park, kumene matiransifoma amalemedwa mpaka kupsa, amadulidwabe magetsi m'mawa kapena madzulo pofuna kuchepetsa katundu pa mawaya.

Chimene chimachitika kompyuta ikagona

Kugona kwa kompyuta kuli ndi malamulo ake. Mu 1996 makampani a Intel, Microsoft ndi Toshiba anatulutsa ndondomeko yotchedwa ACPI, imene inaika magawo kuyambira S0 mpaka S5. S0 ndi pamene makina akugwira ntchito, S5 ndi pamene azimiratu. Pakati pake pali awiri amene akutikhudza pano. S3 ndi tulo timene Windows imatitcha Sleep: zonse zimene munatsegula zimakhalabe mu RAM, imene imalandira timagetsi tochepa kuti isaiwale, pamene purosesa, disiki, sikirini ndi GPU zazimitsidwa. S4 ndi Hibernate: zonse za mu RAM zimalembedwa pa disiki mu fayilo yotchedwa hiberfil.sys, kenako makina amazimiratu osadyanso magetsi.

Pa S3 ndi pamene dalaivala amaonekera luso kapena ulesi wake. GPU ikazimitsidwa imaiwala zonse: kukula kwa sikirini, kawalidwe kake, zithunzi zimene zinali m'kati mwake. Choncho makina asanagone, Windows imauza dalaivala kuti asunge zonsezo. Mukatsegula chivindikiro, dalaivala yemweyo ayenera kudzutsa GPU, kuibwezera zimene inaiwala, kufunsa sikirini kuti ndi yaikulu bwanji ndipo imafuna chithunzi chotani, ndi kuyatsa nyale yakumbuyo kwa galasi pa mlingo umene munaisiya. Zonsezi zichitike m'sekondi imodzi kapena ziwiri, mwa ndondomeko yake, osadumpha kanthu. Zili ngati mayi wogulitsa pa msika wa Swazi Inn amene madzulo aliwonse amalongedza katundu yense, m'mawa n'kuyalanso pa benchi lopanda kanthu: tsiku limene thumba limodzi latsalira kunyumba, benchi limakhala ndi mpata, ngakhale kuti benchilo lili bwinobwino. Dalaivala akalephera kuyatsa nyale ija, sikirini imakhala mdima. Akabweza zithunzi molakwika, mumaona mizere ndi timabokosi ta mitundumitundu. Akamva molakwika yankho la sikirini, zilembo zimafufuma.

Malaputopu atsopanoko ali ndi mtundu wina wa tulo, Modern Standby, umene unachokera ku Windows 8 ya 2012. Pamenepa makina sagoneratu, amangosinza, ndipo nthawi zina amadzuka okha ali m'chikwama. Ndicho chifukwa chake wina amatsika teksi pa Midrand laputopu ili juu kutentha, batire litatha. Kuti mudziwe mtundu wa tulo ta makina anu, tsegulani Command Prompt n'kulemba powercfg /a.

Tisawaweruze kwambiri olemba madalaivala. Ndi mapulogalamu aakulu zedi, ndipo ayenera kugwirizana ndi mitundu yambirimbiri ya malaputopu, uliwonse ndi BIOS yakeyake, kapulogalamu kamene kamayamba kugwira ntchito makina akangoyaka. Pamene Windows Vista inatuluka kwa anthu onse mu 2007, inabwera ndi njira yatsopano yolembera madalaivala a zithunzi, WDDM, ndipo chaka choyambacho chinali chowawa. Zikalata za Microsoft zimene zinatulukira m'khoti mu 2008 zinaonetsa kuti pafupifupi 29 pa 100 ya kugwa kwa Vista kumene kunalembedwa mu 2007 kunachokera kwa madalaivala a Nvidia. Koma njira yomweyo inabweretsanso chinthu chabwino chimene tikugwiritsa ntchito mpaka lero. Windows imayang'anira GPU, ndipo ikangokhala masekondi 2 osayankha, imaidzutsanso popanda kuzimitsa kompyuta yonse. Sikirini imathima pang'ono n'kubwerera, ndipo nkhaniyo imalembedwa mu Event Viewer pa nambala 4101. Kudzutsako kukakanika, mumaona sikirini yabuluu kapena yakuda yolembedwa VIDEO_TDR_FAILURE, ndipo m'munsi mwake mumakhala dzina la wolakwa: nvlddmkm.sys ndi wa Nvidia, atikmpag.sys ndi wa AMD, igdkmd64.sys ndi wa Intel. Jambulani dzinalo ndi foni lisanachoke.

Musanatulutse ndalama

Sikirini ikakhala mdima, yambani mwadina Caps Lock. Kagetsi kake kakayaka n'kuzima, kompyuta ili moyo, chimene chasowa ndi chithunzi chokha. Tsopano dinani mabatani anayi pamodzi: la Windows, Ctrl, Shift ndi B. Mumva kulira kwakufupi, sikirini iphethira, ndipo nthawi zambiri chithunzi chibwerera ntchito yanu yonse ili momwemo. Mabatani anayiwa amauza Windows 10 kapena 11 kuti idzutsenso mbali ya zithunzi. Sachotsa vuto, koma amapulumutsa kalata imene munali musanasunge, ndipo amakupatsani umboni: sikirini imene yabwerera chifukwa cha mabatani si yakufa.

Ngati laputopu inagona ili yolumikizidwa ku TV ndi chingwe cha HDMI, inu n'kuzula chingwecho kapena magetsi n'kuzima TV ili pomwepo, makina angadzuke akutumizabe chithunzi ku TV imene kulibe. Bwezerani chingwe, dinani batani la Windows ndi P, musankhe PC screen only.

Pali kuyesa kumodzi kumene okonza ambiri amakudumpha, pamene ndi kumene kumalekanitsa matenda awiri ofanana nkhope. Kutsegula chivindikiro kumachita zinthu ziwiri nthawi imodzi: kumadzutsa kompyuta, komanso kumapinda kachingwe kopyapyala kamene kamachokera m'mimba mwa laputopu, kudutsa pa hinji, kukafika ku sikirini. Pa laputopu ya zaka zambiri kachingweka kamakhala katapindidwa kosawerengeka, ndipo timawaya take timayamba kuduka. Ndiye chitani izi. Ikani laputopu pa tebulo, chivindikiro chili chotsegula, ndipo musachikhudzenso. Igonekeni kudzera pa Start, dikirani mphindi ziwiri, muidzutse podina batani. Mizere ikabwera chivindikiro chisanasunthe, nkhani ndi ya dalaivala. Ikapanda kubwera, gwirani chivindikiro ndi zala ziwiri n'kumachiweramitsa pang'onopang'ono kutsogolo ndi kumbuyo, maso ali pa sikirini. Chithunzi chikamathima pa malo ena n'kuyera pa ena, vuto ndi kachingwe kaja, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa sikirini yonse.

Mizere ikakhala pa sikirini, dinani Print Screen, musunge chithunzicho n'kuchitumiza ku foni yanu pa WhatsApp. Mizere ikaoneka pa foniponso, ndiye kuti inalowa chithunzi chisanafike pa galasi, kutanthauza dalaivala kapena GPU. Chithunzi chikakhala choyera pa foni, kawirikawiri vuto lili pa galasi kapena pa kachingwe. Tochi ya foni nayo imathandiza: walitsani pafupi ndi sikirini yamdimayo mopendeketsa, ndipo mukaona zithunzi zozilala m'katimo, chimene chazima ndi nyale yakumbuyo. Malaputopu a Dell ali ndi njira yawoyawo. Makina ali ozima, gwirani batani la D n'kudina loyatsira. Sikirini ionetsa mitundu yosiyanasiyana motsatizana, Windows isanayambe n'komwe. Mitunduyo ikatuluka yosalala, galasi lilibe mlandu.

Kachinthu kena kodabwitsa: laputopu imadziwa kuti chivindikiro chatsekedwa chifukwa cha kamaginito. Foni kapena sipika yoikidwa m'mphepete mwa kiyibodi, kapena laputopu ina yosanjikiza pansi pake monga amachitira pa benchi la wokonza, ingainamize kuti yatsekedwa, iyo n'kugona muli pakati pa ntchito.

Kukonza dalaivala

Funso loyamba ndi lakuti vutoli linayamba liti. Ngati makina ankadzuka bwino mwezi watha, china chake chasintha, ndipo kawirikawiri ndi Windows Update imene yaika dalaivala watsopano usiku inu osadziwa. Tsegulani Device Manager, pitani pa Display adapters, dinani kawiri dzina limene lili pamenepo, ndipo pa tsamba la Driver musankhe Roll Back Driver. Wakale uja abwerera. Anthu ambiri amakhulupirira kuti chatsopano ndiye chabwino nthawi zonse. Pa makina akale sizili choncho.

Pa Display adapters pomwepo mungapeze mawu akuti Microsoft Basic Display Adapter. Amenewa ndi chizindikiro cha laputopu imene inafomatidwa mothamanga: wokonza anaika Windows, n'kulandira ndalama, osaika dalaivala weniweni. Makina otere amaonetsa chithunzi ndithu, koma mabatani oonjezera ndi kuchepetsa kuwala sagwira ntchito, mafilimu amadukaduka, ndipo Sleep imasowa pa mndandanda. Apa m'pamene ndimatsutsana ndi chizolowezi chofomata chilichonse. Kufomata kumafufuta zithunzi za ana ndi zikalata za ku Home Affairs zimene munthu anasunga, kenako Windows Update imabweretsanso dalaivala yemwe uja amene anayambitsa vuto.

Dalaivala woyenera mumutenge ku kampani imene inapanga laputopuyo, Dell, HP kapena Lenovo, pogwiritsa ntchito nambala yolembedwa kunsi kwa makina. Iwo ndi amene anamuyesa pa sikirini ndi BIOS ya mtundu umenewo. Wa ku Intel, AMD kapena Nvidia mwachindunji abwere pambuyo, woyambayo akakanika. Mafayilowa ndi aakulu, ena amapitirira 500 MB, choncho ndi bwino kukawatengera pa Wi-Fi kusiyana ndi kutha bandulo ya mwezi. Mapulogalamu amene amadzilengeza pa intaneti kuti akonza madalaivala onse ndi kudina kamodzi, apeweni. Ambiri amangofuna ndalama, ena amabwera ndi zoipa. Madalaivala akale ndi atsopano akasakanikirana, okonza odziwa ntchito amagwiritsa ntchito pulogalamu yaulere yotchedwa Display Driver Uninstaller, ali mu Safe Mode, kusesa zonse asanaike watsopano. BIOS nayo imakhala ndi mbali pa kugona ndi kudzuka, ndipo kuiika yatsopano kumathetsa mavuto ena. Koma magetsi akazima ntchito imeneyi ili pakati, laputopu ingathe osayakanso. Pa makina opanda batire lamphamvu, m'dera limene magetsi sapangana ndi munthu, musaiyambe.

Malaputopu ena ali ndi ma GPU awiri, ya Intel yogwira ntchito zopepuka ndi ya Nvidia kapena AMD ya zolemera, njira imene Nvidia inaitcha Optimus mu 2010. Pamenepa madalaivala ndi awiri, ndipo onse ayenera kumvana podzuka. Kukonza mmodzi n'kusiya mnzake ndi theka la ntchito.

Ndiye pali msampha wa Fast Startup, umene unabweranso ndi Windows 8. Mukasankha Shut down, Windows siizimiratu monga mukuganizira. Imasunga mtima wake pamodzi ndi madalaivala pa disiki kuti idzayake msanga. Dalaivala akakhala atasokonezeka, amasungidwa ali wosokonezeka, mawa n'kudzukanso chimodzimodzi. Restart ndiyo imayambitsa zonse mwatsopano, kapena kugwira Shift posankha Shut down. Kuti muuchotseretu, pitani ku Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do, muchotse chizindikiro pa Turn on fast startup. Pa SSD kusiyana kwa nthawi yoyakira ndi masekondi ochepa chabe.

Amene anasamukira ku Linux, monga Ubuntu kapena Linux Mint, nawonso amakumana nazo, makamaka pa GPU za Nvidia. Kudina Ctrl, Alt ndi F3, kenako n'kubwerera ndi F1, F2 kapena F7 malinga ndi mtundu wa Linux, nthawi zambiri kumabweza chithunzi, ndipo pali lamulo lotchedwa NVreg_PreserveVideoMemoryAllocations limene limauza dalaivala kusunga zonse za mu GPU makina asanagone.

Pamene dalaivala alibe mlandu

Mizere ikamaoneka makina akangoyaka, pa chizindikiro cha kampani kapena m'kati mwa BIOS, Windows isanayambe, dalaivala musiyeni; iye amakhala asanayambe ntchito. Ikamaonekanso pa TV yolumikizidwa, n'kumachuluka makina akatentha, GPU yeniyeniyo ikudwala. Zoterezi zinachitikapo pa chiwerengero chachikulu: mu Julayi 2008 Nvidia inavomera kuti tchipi zake zina za m'malaputopu zinali kufa chifukwa chotentha ndi kuzizira mobwerezabwereza, ndipo inapatula ndalama pafupifupi madola 200 miliyoni zolipirira kukonza. Fumbi la mphepo ya Ogasiti ku Gauteng, denga la malata, ndi chizolowezi choika laputopu pa bulangete zimathandizira matenda omwewo. Kutsegula kunsi, kupukuta fani ndi kupaka mafuta atsopano oziziritsa pa purosesa ndi ntchito yotsika mtengo imene imatalikitsa moyo wa makina. Wina akakuuzani kuti awotcha tchipi ndi mpweya wotentha kuti ichire, dziwani kuti kuchira kwake kawirikawiri n'kwa kanthawi.

Palinso malire amene palibe wokonza angawasunthe. Mu Julayi 2022 Intel inaika madalaivala a zithunzi a mapurosesa ake a m'badwo wa 6 mpaka wa 10 m'gulu la akale, olandira zokonza zofunikira kwambiri zokha. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kapena kuposa. Okonza amadziwa kuikakamiza Windows 11 pa makina akale, ndipo imayenda, koma dalaivala amene ali m'menemo analembedwera Windows ina, ndipo zomukonza zimabwera zochepa kapena sizibwera n'komwe. Pa makina otere, vuto la podzuka lingakhale la muyaya.

Kwa makina oterewa, komanso kwa aliyense amene batire lake limangokhala mphindi zochepa, yankho langa ndi lakuti Sleep musiyane nayo. Tulo ta S3 timadalira magetsi osadukiza. Chaja ikangozima batire lili lakufa, zonse za mu RAM zapita, kalata yosasunga yapita nazo. Hibernate ilibe mantha amenewo, chifukwa zonse zili pa disiki, ndipo podzuka makina amadutsa mu BIOS n'kuyatsa GPU kuyambira pachiyambi, njira imene madalaivala ambiri ovuta amaidutsa bwino. Pa tsamba lomwe lija la Power Options ikani chizindikiro pa Hibernate, kenako pa Choose what closing the lid does musankhe Hibernate pa batire ndi pa chaja pomwe. Mudzadikira masekondi angapo oonjezera potsegula, basi. Magetsi akazima, zulani chaja pa khoma, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera mwamphamvu.

Pogula laputopu yakale, kaya m'sitolo kaya kwa munthu, musakhutire poona kuti yayaka. Igonekeni n'kuidzutsa kangapo wogulitsa akuona, muweramitse chivindikiro, muyang'ane dzina limene lili pa Display adapters. Lamulo la South Africa loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2008, limapereka miyezi 6 yobwezera katundu wopezeka ndi vuto ngati munagula kwa wochita malonda ndipo vutolo sanakuuzeni, choncho lisiti musataye. Ndipo inu amene mukugulira mwana wa ku koleji ku Zomba kapena ku Mzuzu, ikani madalaivala oyenera ndi kukonza za Hibernate muli konkuno ku Joni kumene Wi-Fi ikupezeka, laputopuyo isanakwere basi pa Park Station.